Mfuti yampweya ya sipuling'i ikayamba kunjenjemera

Eni mfuti zothamangitsira makoswe kunkhokwe kuno ku Kasungu, ikamalira "twang'" n'kumamwaza tizipolopolo, musathamangire kuimasula. Yambani mwamanga masikuluwu ogwira thabwa la mfutiyo. Amakhwefuka okha ndi kugwedezeka, ndipo nthawi zambiri vuto lomwaza tizipolopolo limathera pomwepo.

Ikapitirirabe, tsegulani mfuti yosakoka, yopanda kanthu mkati. Sipuling'i imakhala yopanikizika ngakhale simunakoke, ndiye tsekerezani kumbuyo ndi kalampu yaikulu, muzimasula pang'onopang'ono. Ikafwamphuka ingathe kuthyola chala.

Nsonga ziwiri za sipuling'i zikhuleni pa sandipepa woyala pagalasi, wa nambala 400 kenako wosalala kwambiri wa nambala 1000, mpaka zinyezimire. Zikasalala, sipuling'i imazungulira momasuka m'malo mopotokola mfuti m'manja. Salazaninso m'mbali mwa mipata ya silinda (chubu chomwe mumakhala sipuling'i ndi pisitoni, chitsulo chokankha mpweya), chifukwa timano takuthwa tapamenepo ndi timene timacheka silu ya pisitoni (chotsekera mpweya cha kunsonga kwa pisitoni) mukamabwezera pisitoniyo. Mano a tiriga (kachitsulo kokoka ndi chala poomba) asiyeni. Mukawakhula pang'ono chabe, mfuti ingathe kuomba yokha.

Pa mafuta ndi pamene ambiri amalakwa. Oyilo wa njinga kapena wa galimoto akafika kutsogolo kwa silu amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizika. Mudzamva kulira kwakukulu, utsi n'kutuluka, silu n'kupserera, mwinanso sipuling'i kuduka. Pakani girizi wa moly (wakuda, wokhala ndi molybdenum) wochepa ngati njere ya chimanga, kumbuyo kwa silu ndi pansonga za sipuling'i. Wochuluka amangokola fumbi la mu Okutobala.

Musaombe yopanda chipolopolo: pisitoni imamenya chitsulo popanda mpweya woibweza.