Kaperekedwe ka ganizo la nkhani kwa mtolankhani wa zandale

Yambani mwawerenga nkhani zake zaposachedwa, chifukwa wolemba za nyumba ya malamulo sangalabadire nkhani ya makhansala. Kenako mulembereni imelo yaifupi, mawu osapitirira 150. Chiganizo choyamba chinene ndani wachita chiyani, komanso chifukwa chake nkhaniyo ikufunika sabata ino: mwina bilu ikukambidwa, mwina bajeti yayandikira.

Chomwe chimamukopa ndi umboni: chikalata, manambala, munthu wovomera kuti dzina lake litchulidwe. Nenaninso poyera mbali imene muli, poti akadzatulukira yekha sadzakukhulupiriraninso. Ngati simukufuna kutchulidwa, gwirizanani musanaulule kanthu, osati mutayankhula kale.

Tumizani m'mawa, asanapanikizike ndi nthawi yopereka nkhani kwa mkonzi. Akakhala chete, mukumbutseni kamodzi pakapita masiku awiri, kenako yesani mtolankhani wina.