Njinga yamoto imene yagona zaka musaidzutse ndi kiki

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa kukadali njinga zamoto zofundikidwa ndi lata kapena chiguduli. Zambiri ndi Honda CG125, C70 ndi C90, kapena Yamaha AG100 ndi DT125, zija ankayendera alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ansembe popita kumidzi. CG125 inatuluka mu 1975, ndipo a Honda anaipangira dala mayiko a misewu yafumbi kumene oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. Njinga zoterezi zimadzuka ndithu. Chimene chimazimaliza ndi phuma la mwini watsopano, amene amangothira petulo n'kuyamba kuponda kiki.

Musanatayepo ndalama, onani kaye ngati nambala ya injini ndi ya felemu zikugwirizana ndi mapepala. Njinga yopanda mapepala idzakuvutani ku Road Traffic, ndipo ikhoza kukhala yakuba.

Injini yogonera imakhala youma mkati, maring'i a pisitoni atamatirira ndi dzimbiri. Chotsani pulagi, donthezani oyilo pang'ono m'bowomo, muisiye igone usiku wonse. M'mawa kanikizani kiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Ikakana, onjezani oyilo mudikirenso. Mukaikakamiza ndi phazi muthyola maring'i n'kukanda silinda. Ikayamba kuzungulira, khetsani oyilo yense wakale, ndipo pa CG125 mutsuke kasefa ka waya kamene kali pokhetserapo. CG125 imamwa pafupifupi lita imodzi. Gulani oyilo wa njinga zamoto, chifukwa kilatchi yake imakhala m'oyilo momwemo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka.

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi pa mafuta. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene lero amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima nthawi yaitali, madzi amadikha pansi pa thanki n'kuyamba kudya chitsulo, timapaipi takale ta labala timauma kapena kufufuma, ndipo petulo wotsala mu kabuleta amasanduka phula lotseka majeti, timabowo todutsa petulo. Choncho tsitsani thanki, ponyanimo manati angapo ndi palafini, mukhutchumule mpaka dzimbiri litatha. Sinthani mapaipi onse, muike kasefa katsopano pakati pa thanki ndi kabuleta. Majeti aviikeni m'mankhwala otsukira kabuleta, muwapemerere ndi mpweya. Amakaniko ena amawatokosa ndi singano kapena waya, koma ine ndimaletsa zimenezi: kabowoko kakakula pang'ono chabe, njinga imayamba kumwa mafuta ndipo simudzaitchunanso bwino. Mukadziwa kuti iima milungu ingapo, tsekani kampopi ka petulo, mukhetse wotsala mu kabuleta. Petulo wa m'zigubu uja timagula mafuta akasowa, musefeni musanathire.

Kutchuna kumayambira pa mavalavu, injini ili yozizira. Pa CG125 mpata wake ndi mamilimita 0.08, pa C70 ndi C90 ndi 0.05. Mpata wa pulagi ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7. Zimenezi zimafuna kachitsulo koyezera mpata, diso silikwanira. Mukayenda makilomita angapo, tulutsaninso pulagi muone nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti petulo wachuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Yoyera mbuu ndiyo yoopsa, chifukwa petulo akuchepa ndipo injini ikupsa.

Kumbukiraninso kuti Blantyre ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ali m'munsi kwambiri, m'chigwa cha Shire. Kutsikako mpweya ndi wochuluka, ndiye injini imafuna petulo wochulukirapo. Mukafinya kabuleta kuno kuti musunge mafuta, kenako n'kutsikira kuchigwa m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, pisitoni ikhoza kugwira. Ndi bwino petulo achulukirepo pang'ono kusiyana n'kuchepa, makamaka pa AG100 ndi DT125. Ziwirizi ndi za two-stroke, zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo kudzera pa kapampu ka Autolube. Onetsetsani kuti kapampuko kakutulutsadi oyilo. Ngati wina anakachotsa, muzisakaniza oyilo wa two-stroke (2T) m'thanki nthawi zonse.

Injini ikalira, mtima umathamangira ku penti. Penti adikire, mabuleki ndi matayala ndiwo atsogole. Tsegulani mawilo onse awiri, chifukwa zogwirira buleki zakale zimatha kumatuka njinga ili paliwiro n'kumanga wilo. Fumbi la m'menemo musalipemerere, lipukuteni ndi nsalu yonyowa, poti zambiri zakale zinali ndi asbestos amene amawononga mapapo. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2314 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2014. Tayala loteroli, ngakhale mano ake akuoneka atsopano, labala wake anauma kale ndipo pamsewu wonyowa ndi chiperoni silingagwire. Tcheni chizisewera masentimita awiri kapena atatu pakati pake.

Poyenda, yambirani m'misewu ya phee, osati mu Masauko Chipembere Highway nthawi yoweruka. Mabuleki a njingazi amachedwa kugwira, choncho siyani mpata waukulu kumbuyo kwa minibasi. Zambiri zili ndi magetsi a mavoti 6, nyali yake ndi yofooka, ndiye valani zowala ndipo usiku muzipewa. Amene mwapeza BSA kapena Triumph yakale ya ku Britain, dziwani kuti giya ili kuphazi lamanja, buleki kumanzere. Zolowerani kaye pabwalo. Potsika chitunda cha ku Thabwa, pamsewu wa ku Chikwawa, ikani giya yaing'ono, mabuleki muziwagwira mopumira kuti asatenthe. Chisoti, laisensi ndi inshulansi zikhalepo musanatuluke pageti.

Ngati mwaika pisitoni kapena maring'i atsopano, makilomita 500 oyambirira yendani modekha, osanyamula katundu wolemera. Mukawakwanitsa sinthani oyilo, muyezenso mavalavu ndi tcheni.