Musakumbe fawundeshoni ya ma townhouse ngati kuti mukumanga kumudzi

Mvula yayamba kuno ku Joni ndipo mmene ndikuyendamu ndikungoona maenje a fawundeshoni atadzaza madzi, njerwa zili mulu, simenti ikuuma m'matumba, ntchito itaima. Vuto lake ndi limodzi lomweli, munthu wagula stand yolembedwa Residential 1 (malo a nyumba ya banja limodzi) basi mawa lake wayamba kukumba kuti amange ma townhouse anayi (nyumba zogundizana khoma) azichititsa lendi, pulani isanadutse ku khonsolo ya City of Johannesburg. Inspector akafika amakusiyirani kalata yoimitsa ntchito, mukachita makani nkhani imapita ku khothi ndipo khothi litha kulamula kuti mugwetse ndi ndalama zanu zomwe.

Abale anga, nyumba imodzi ndiyosavuta. Wojambula mapulani wolembetsedwa ku SACAP (bungwe la ojambula mapulani) akujambulirani, khonsolo yavomereza, bilida wanu walembetsa nyumbayo ku NHBRC (bungwe loyang'anira omanga nyumba) masiku 15 ntchito isanayambe, mwayamba. Townhouse ndi nkhani ina. Inde, mukawerengera khomo limodzi imatsika mtengo chifukwa malo mukugawana, khoma lapakati ndi limodzi, denga limangopitirira, ndiye pamenepa mpamene anthu amakopeka. Koma ndalama yowawa imapita musanaike njerwa yoyamba. Malo aja asinthidwe kaye zoning (zomwe khonsolo imalola kumangapo) kudzera kwa town planner (katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka malo), maneba ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo kudikira kwake ndi miyezi yambirimbiri nthawi zina chaka kupitirira, uku mukulipira ma rates pa malo opanda kanthu. Kenako khonsolo imafuna ndalama yake chifukwa mabanja anayi madzi, suweji ndi magetsi sagwiritsa ngati banja limodzi. Khoma lapakati lija liyenera kukhala loletsa moto kufika kudenga monga mwa malamulo a zomangamanga a SANS 10400, osati la njerwa imodzi loti neba akatsokomola mumva. Ndipo ngati mudzafune kugulitsa khomo lililonse palokha, pafunika saveya ajambule sectional plan (mapu osonyeza malire a khomo lililonse) mukalembetse ku Deeds Office (ofesi yolembetsa umwini wa malo) motsata Sectional Titles Act ya 1986, body corporate (bungwe la eni makomowo) ndi ma levy (ndalama zomwe amasonkha mwezi ndi mwezi) zimayambira pomwepo.

Bambo wina wa ku Ntcheu amene amalima mpiru ndi rape cha ku Eikenhof anandiuza kuti kwathu amfumu akaloza malo ndi chala nkhani yatha, zamapepalazi nzodyera anthu. Anamanga mpaka pa mawindo. Akhonsolo atamuimitsa mpamene anaitana injiniya, yemwe anamuuza kuti dothi likufunika kuyezedwa kaye popeza mbali imeneyo ya kummwera, monganso Lenasia ndi Centurion, kuli dolomite, mwala umene umasungunuka ndi madzi pansi nkusiya mphako. Fawundeshoni yake yaja yakumudzi sinali yoyenera. Anagulitsa bakkie yomwe amatengera masamba kumsika, pano akuchita kubwereka. Zimanditopetsa chifukwa chaka chilichonse timanena zomwezi koma anthu amamvera bilida wa pa WhatsApp amene alibe ngakhale satifiketi.

Ndiye mwachangu, musanapereke dipoziti katengeni zoning certificate ndipo muwerenge title deed, ena amaletsa nyumba yachiwiri. Yezetsani dothi. Ngati thumba ndi lochepa mangani nyumba imodzi, za kakoteji kuseli mufunse town planner zomwe malo anu akulola. Mukamaliza musalowetse alendi opanda occupancy certificate (chikalata cha khonsolo chololeza kukhalamo), banki ndi inshuwalansi adzaifunsa.