Momwe mungapezere ndalama ndi makomo a agalu otoledwa pa chionetsero kuno ku Mzuzu

Kagulu kathu kamasunga agalu otayidwa kuseri kwa nyumba ya mnzathu ku Chibavi. Ena tinawatola m'ngalande, ena pamsika, ena anthu amangotisiyira pageti usiku ali m'katoni. Mgaiwa ndi bonya zikayamba kuchepa, maso athu amakhala pa chionetsero chilichonse cha zaulimi kapena zamalonda chomwe chikubwera mumzinda muno, chifukwa pamenepo mpomwe timakumana ndi anthu ambiri tsiku limodzi. Ndapitako kanayi ndi agalu, ndipo umu ndi momwe ndimachitira.

Yambani ndi malo. Pitani kwa okonza chionetsero kukadali milungu 3, ndipo nenani poyera kuti mudzabwera ndi agalu, asadzadabwe pageti. Pemphani malo a kumapeto, kutali ndi zokuzira mawu komanso kutali ndi makola a mbuzi ndi nkhuku. Mukawafotokozera kuti simukuchita malonda, ambiri amatsitsako mtengo wa malo. Ife ulendo wina anatipatsa ulere titalonjeza kuti tisesa tokha. Tenti musaiwale. Inu mukudziwa nyengo ya kuno, m'mawa dzuwa, pofika masana mawawa ndi mphepo yozizira. Obwereketsa matenti amakweza mtengo sabata ya chionetsero, ndiye ife timangobwereka lona kutchalitchi n'kugula mabulangete akale 2 pa kaunjika oti agalu agonepo.

Chachiwiri ndi kusankha agalu opita nawo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe ndinapsa.

Ulendo wachiwiri tinatenga tiana tagalu 5 ta milungu 7. Maganizo athu anali akuti tiana timakopa anthu, ndipo n'zoona timakopadi. Katemera tinagula kwa bambo wina woyenda pa njinga yamoto ndi kachikwama kosungira zozizira. Mtengo wake unali theka la womwe anatiuza kwa dokotala wa ziweto. Atatsegula kachikwamako ndinaona kuti ayezi anasungunuka kalekale, timabotolo tikuyandama m'madzi ofunda. Ndinafunsa, iye n'kuti, "Musadandaule achimwene, mankhwala awa ndi olimba." Ndinakhala chete chifukwa ndalama zinali zochepa. Anabaya Lachitatu, Loweruka tinanyamula tianato kupita nato ku chionetsero.

Tsiku lonse tinali m'manja mwa anthu. Uyu wanyamula, uyo wajambula, titatsitsidwa pansi tikununkhiza pomwe agalu ena adutsa. Ndalama tinapeza zambiri kuposa ulendo woyamba ndipo tinabwerera tikusangalala. Lachinayi lotsatira kamodzi kanakana kudya. Madzulo kanayamba kusanza, m'mawa mwake kutsekula m'mimba kwa magazi, kwa fungo lomwe munthu ukalimva kamodzi suliiwala. Inali parvo, matenda oopsa a m'mimba ogwira agalu. Pa tiana 5 tija tinakwirira 3. Kamodzi mwa ito tinali titapereka kale kwa mayi wina wa ku Luwinga pa tsiku la chionetsero. Anabwera nako atakakulunga m'chitenje, mwana wawo wamkazi akuwatsatira pambuyo akulira, ndipo anangondifunsa kuti, "Bambo, munatipatsa galu wodwala?" Ndinasowa choyankha.

Tinalakwa pawiri. Katemera amayenera kukhala pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera kofumira mpaka pobaya, ndipo akafunda mphamvu yake imatha. Wogulitsa amene alibe firiji, kapena amene sakufuna kukuonetsani tsiku lothera ntchito pa botolo, musiyeni apite ngakhale atsitse mtengo bwanji. Koma ngakhale katemerayo akanakhala wabwino, jakisoni mmodzi wobaya masiku 3 chionetsero chisanafike sakanateteza tianato. Wa parvo amayamba mwana wagalu ali ndi milungu 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha milungu 3 kapena 4 mpaka afike milungu 16. Kachilomboka kamakhala m'dothi kwa miyezi, ndipo kamayenda pa nsapato ndi m'manja mwa anthu. Pa bwalo lomwe padutsa mapazi mazanamazana, kamwana kosamaliza katemera kalibe chitetezo.

Ndiye lamulo lathu tsopano ndi ili: tiana timabwera pa zithunzi pokha. Timasindikiza zithunzi zikuluzikulu, pansi pake dzina, msinkhu ndi komwe tinakatola. Obwera ndi miyendo yawo ndi agalu akuluakulu 3 kapena 4, ofatsa, ozolowera ana, omwe analandira katemera yense kuphatikizapo wa chiwewe, amene amabayidwa galu akakwana miyezi 3. Makhadi awo a katemera azikhala patebulo poonekera. Kukatsala masiku angapo asambitseni, achotseni nkhupakupa ndi utitiri, apatseni mankhwala a nyongolotsi. Galu aliyense akhale ndi munthu wake womugwira chingwe tsiku lonse, ndipo pakatha maola 2 apite kuseri kwa lona akapume. Galu wotopa ndi amene amaluma.

Chachitatu, ndalama. Chidebe chooneka mkati chimakoka kuposa bokosi lotseka, makamaka mukayamba mwaponyamo nokha timapepala tingapo. Lembani nambala za Airtel Money ndi Mpamba pa chikwangwani ndi zilembo zazikulu, chifukwa "ndilibe zosintha" ndi mawu omwe mudzawamve tsiku lonse. Chomwe chatithandiza kwambiri n'kusanena kuti "thandizani agalu" basi. Timalemba mtengo wa chinthu chenicheni monga uliri sabata imeneyo: ndowa ya mgaiwa, mulu wa bonya, katemera wa galu mmodzi, kufula galu wamphongo. Munthu amasankha chomwe akwanitsa ndipo amachoka akudziwa chomwe wagula. Ena amakonda kupereka chimanga kapena madeya m'malo mwa ndalama, ndiye khalani ndi thumba lopanda kanthu pambali. Ndi kuzizira kwa kuno, tiyi wamkaka ndi mandasi zimatha msanga. Ingoonetsetsani kuti ogulitsa zakudya sakugwira agalu, ndipo funsani kaye okonza ngati amalola.

Chachinayi, zolankhula. Anthu ambiri amabwera ndi funso limodzi: "Ndi wolusa?" Akufuna mlonda. Musawanyoze, kuba kulipodi m'madera athu. Auzeni kuti galu wamba wa kwathu kuno akamadya bwino n'kuzolowera pakhomo amauwa mlendo aliyense, safunika kumutsekera m'kakhola kamdima kapena kumupatsa tsabola kuti aluse. Ngati m'gulu mwanu muli wolankhula Chitumbuka bwino, aime kutsogolo. Agogo ena amamasuka kufunsa za ntchewe (galu) m'chinenero chawo. Nkhani ya chiwewe imaimitsa anthu kuposa ina iliyonse, chifukwa pafupifupi aliyense akudziwa wina amene analumidwapo. Timawauza kuti galu akaluma munthu atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, komanso kuti agalu 70 pa 100 aliwonse akabayidwa m'dera, matendawa amasiya kufala. Ndi njira yomwe a bungwe la Mission Rabies akhala akugwiritsa ntchito ku Blantyre kuyambira 2015. Chionetsero chikayandikana ndi 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, itanani a zaumoyo wa ziweto adzakhale nanu pamalopo.

Chachisanu, galu asachoke ndi munthu tsiku la chionetsero, ngakhale akuonetseni ndalama. Lembani dzina, dera ndi nambala m'kope. Sabata yotsatira imbani. Ambiri sayankha, ndipo otsalawo ndi amene mumawafuna. Pitani mukaone pakhomo: pali mpanda kapena ayi, eni nyumba alola, galu azigona pati, adzadya chiyani. Ife timapempha kandalama kobwezera katemera, ndipo timagwirizana kuti zikavuta galu abwerere kwa ife, asagulitsidwe kapena kutayidwa. Ngati n'kotheka apite atafulidwa kale kapena atatsekedwa kuti asabereke.

Zotsalazo mukuzidziwa. Madzi ambiri, mbale, mapepala apulasitiki otolera ndowe, sopo. Ndalama muwerenge anthu awiri musanachoke pamalopo, ndipo mawa lake mulembe chiwerengerocho pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp omwe munaitanirako anthu. Mukafika kunyumba, vulani nsapato pageti, mutsuke nsapatozo, zingwe ndi mbale ndi madzi a Jik, musinthe zovala, kenako ndiye mulowe komwe kuli tiana.