Mmene ndinazindikirira kandalama kasiliva ka ku Greece kofufutika zilembo

Kandalamaka kanali kakuda bii, ndipo zilembo zake sizinkawerengeka. Sindinakakweche, chifukwa kukwecha siliva wakale kumachotsa zizindikiro zomwe ukuzifunazo.

Ndinayamba ndi sikelo ya digito. Kanalemera pafupifupi magalamu 4.2, kulemera kwa drachma, ndalama yakale ya Agiriki, pa muyezo wa ku Athens. Tetradrachm, ndalama yofanana ndi ma drachma anayi, imafika cha m'ma magalamu 17, choncho imeneyo ndinaichotsa m'maganizo.

Chimene chinathetsa vuto ndi tochi ya foni. Ndinazimitsa magetsi n'kuunika kuchokera m'mbali, kuwala kukungokhudza pamwamba, ndipo timizere tonse tinatulukira. Kutsogolo kunaoneka mutu wa Herakles, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, atavala chikopa cha mkango. Kumbuyo, Zeus, mulungu wamkulu wa Agiriki, atakhala pampando, chiwombankhanga chili padzanja, ndi zilembo ΑΛΕΞΑΝΔΡΟΥ, kutanthauza "ya Alexander", zotsika m'mphepete.

Apa ambiri amafulumira kunena kuti ndalamayo ndi ya nthawi ya Alexander Wamkulu mwiniwake, mfumu ya ku Makedoniya, koma yang'anani miyendo ya Zeus. Pa kanga ndi yopingasa, zomwe kawirikawiri zimaloza ndalama zosulidwa iye atamwalira mu 323 B.C. Kutsogolo kwa mawondo kuli theka la Pegasus, kavalo wamapiko uja, chizindikiro chopezeka kwambiri pa ndalama za ku Lampsakos, mzinda wakale wa Agiriki m'dera lomwe lero ndi dziko la Turkey.