Hing, utomoni wonunkha wothandiza m'mimba mukatupa

Tsiku lomwe ndinatsegula kabotolo ka hing koyamba ndinabwerera m'mbuyo, fungo lake ngati anyezi wowola. Lero nyemba sindiphika popanda iyeyu.

Hing ndi utomoni wouma wochokera ku mizu ya chomera cha Ferula chomwe chimamera kwambiri ku Iran ndi ku Afghanistan. Ku India, asing'anga a Ayurveda amamugwiritsa ntchito kuyambira kalekale pothana ndi mpweya wa m'mimba, ndipo ndi mmodzi mwa zinthu 8 za ufa wamankhwala wotchedwa Hingvastak churna.

Kaphikidwe kake nkosavuta. Tenthetsani mafuta pang'ono, ponyanimo hing wongotsina ndi zala ziwiri. Akangochita thovu, fungo loipa lija limasanduka lokoma ngati adyo wokazinga, ndiye thirani msanga mu nyemba kapena nandolo asanapserere. Mukachulutsa, ndiwo zimawawa.

Ku India, m'mimba mukatupa, ena amasungunula kachidutswa m'madzi ofunda nkupaka mozungulira mchombo. Chonde musamwetse khanda, ndipo amayi oyembekezera asamamwe ngati mankhwala. Wa ufa nthawi zambiri amasakaniza ndi ufa wa tirigu, choncho amene tirigu sawayanja awerenge kaye pa botolo. Tsekani mwamphamvu, apo ayi shuga ndi tiyi yemwe azinunkha hing.