Momwe mungapimire luso la mlembi m'nthano yaitali ya achinyamata

Kaya ndinu mphunzitsi wosankha buku la kalabu yowerenga, kholo logulira mwana wa Fomu 2, kapena mnzanu wakupatsani zolemba zake kuti muziunike asanapite nazo kwa osindikiza, funso n'limodzi: kodi mlembiyu amatha kulemba? Ambiri timathamangira phunzo. Buku likadzudzula chamba ndi mimba za pasukulu, basi tati ndi labwino. Komatu phunzo aliyense angalipeze. Luso limaonekera pena.

Choyamba, werengani masamba atatu oyamba mokweza. Pomwe lilime lapunthwa kapena mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, ikani kachizindikiro ndi pensulo. Khutu limagwiranso msanga Chichewa chimene mlembi anachiganiza m'Chingerezi n'kuchitembenuza. Ngati pofika tsamba lachitatu tikadali kumva za kutuluka kwa dzuwa ndi kulira kwa mbalame, mpangankhani wamkulu osaoneka, dziwani kuti wachinyamata watseka kale bukulo n'kutenga foni.

Kenaka pitani pa zokambirana, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa. Sankhani tsamba lomwe anthu awiri kapena atatu akuyankhulana, bisani mayina awo ndi chala, muone ngati mungadziwe woyankhula. Mnyamata wa ku Ndirande sauza mnzake kuti, "Bwenzi langa, ndili wokhumudwa kwambiri chifukwa amayi anga andikaniza ndalama." Amati, "Aise, masteni akana." Koma mnyamata yemweyo akafika kwa agogo ake kumudzi, lilime limasintha: amagwada, amati "wawa", amayankha "ee, agogo". Mlembi waluso amadziwa kuti wachinyamata ali ndi mayankhulidwe angapo ndipo amawasintha malinga ndi yemwe ali naye. Wosadziwa amayankhulitsa aliyense ngati mphunzitsi wamkulu pa asembule. Chenjeraninso ndi wothira mawu a m'tauni pachiganizo chilichonse pofuna kuoneka dolo. Mawu otere sachedwa kutha fasho.

Chachitatu, funsani kuti vuto la m'nkhani walithetsa ndani. Ili ndiye dandaulo langa lalikulu pa mabuku ambiri olembera achinyamata kwathu kuno. Mtsikana wavutika mitu khumi, kenaka m'mutu womaliza kwatulukira amalume ochokera ku Johannesburg, abusa kapena galimoto ya bungwe, zonse n'kukonzeka. Mpangankhani wamkulu ayenera kusankha yekha, kulakwitsa, n'kusenza zotsatira zake. Onaninso ngati wolakwa ali ndi chifukwa chomveka. Mtsikana wogwa m'manja mwa bambo wandalama chifukwa fizi yavuta ndipo mayeso a MSCE ayandikira ndi munthu weniweni; wongotchedwa "wokonda zinthu" ndi chithunzi chabe.

Chachinayi, fufuzani zinthu zogwirika. "Anali osauka kwambiri" ndi mawu ongotiuza. Koma mukawerenga kuti mtsikanayo ankachapa yunifolomu usiku n'kuivala m'mawa kolala ikadali yonyowa, umphawiwo mwauona ndi maso.

Za nsinjiro za chiyankhulo sindichulutsa. Mwambi umodzi wogwa pamalo pake, wotuluka pakamwa pa munthu woyenera, umakometsa mutu wonse. Isanu pandime imodzi ndiye kuti mlembi akulembera woyesa mayeso wa MANEB, osati wowerenga.

Musaiwale kalembedwe. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo, ndipo kuyambira 1996 ntchito yoyang'anira zilankhulo zathu ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board. Mlembi akalemba "kumudzi" patsamba lina, "ku mudzi" patsamba linzake, ndi ulesi wa mkonzi, ndipo ana amatengera. Komabe zimenezi zimakonzeka tsiku limodzi. Apangankhani opanda moyo sakonzeka ndi pensulo yofiira.

Pomaliza, bwerekani bukulo achinyamata awiri kapena atatu a msinkhu womwe lalembedwera. Musawafunse ngati alikonda, chifukwa mwaulemu adzangoti ee. Afunseni tsamba lomwe analekezera, munthu yemwe anawakwiyitsa, ndiponso ngati pali mnzawo amene akufuna kumupatsira. Mayankho awo muwalembe pambali pa zizindikiro zanu za pensulo, kenaka mukakhale pansi ndi mlembiyo muli ndi manambala a masamba m'manja.